Timitengo Tochokera ku Joni

Katundu wa Kezia anafika pa Mzimba boma mu Juni, kukuzizira, pa lole ya anyamata amene amanyamula katundu wa anthu ogwira ntchito ku Joni. Monga mwa nthawi zonse anamutsitsira pa sitolo ya a Muhsin pafupi ndi msika. Kezia ananyamuka kwawo, kuseri kwa Manyamula, akuganiza kuti akatenga bulangete kapena mapoto, poti ndi zimene mwamuna wake Justus ankakonda kutumiza. Koma a Muhsin anamutulutsira thumba limodzi lonyowa, lomangidwa ndi chingwe, minga itatulukira m'mbali. Anati dalaivala anawauza kuti alisunge pamthunzi ndi kumaliwaza madzi, ndipo iwo anachitadi zimenezo ngakhale sankadziwa chimene akusamala.

Atalimasula kunyumba anapezamo timitengo topanda tsamba ndi limodzi lomwe, mizu yake itakulungidwa ndi utuchi wonyowa ndi nyuzipepala. Apongozi ake aakazi, amene ankakhala nyumba yoyandikana, anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwana wawo wayamba kutumiza nkhuni ngati kuti ku Mzimba mitengo inatha.

Justus anapita ku Joni mwana wawo Chawanangwa, amene ankangomutchula kuti Chawa, asanayambe n'komwe sukulu, ndipo tsopano mtsikanayo anali ku koleji ku Mzuzu. Ntchito ya Justus inali yosamalira maluwa panyumba ya mayi wina wachikulire. Nyumba ya njerwa zootcha imene Kezia ankakhalamo inamangidwa ndi thukuta la Justus, koma mwiniwakeyo anagonamo masiku owerengeka. Zipinda ziwiri zinkangokhala zotseka.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Kezia anakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene foni inkagwira bwino, n'kumuimbira. Justus anamuuza kuti timitengoto sitinafe, tangogona chifukwa cha nyengo yozizira. Taminga tija ndi marozi, ena ofiira ena achikasu. Tosalala ndi mapichesi, ndipo tiwiri topyapyala ndi mabulosi a mtundu wina osakula kwambiri. Anati awaviike mizu m'ndowa mpaka kuche.

"Anyina Chawa," anatero, pomuitana mwa chikwawo kuti mayi ake a Chawa, "munthu satumiza mtengo kumene sakufuna kukakhala. Pa Khirisimasi ndikubwera, mbwenu basi. Kuno ndatopa nako."

Mawu oti akubwera Kezia anali atawamvapo kangapo. Koma m'mbuyomo monse Justus ankatumiza zinthu zongoika pakona, sanatumizepo chinthu chofuna madzi.

Kezia ankadziwa chimanga, nyemba ndi mtedza. Duwa anali asanadzalepo, ndipo kudzala chinthu mu Juni, nthaka ili gwa, kunali kwachilendo kwa iye. M'mawa mwake anakumba maenje kutsogolo kwa khonde ndi m'mbali mwa nyumba, n'kuwajambula pafoni n'kumutumizira Justus. Justus atawaona anati ndi opapatiza, mizu ya rozi imafuna kutambasuka ngati zala za dzanja, osati kupindidwa. Anakumbanso. Anatenga manyowa akale a pansi pa khola la ng'ombe, owola kale mpaka kuda bii, n'kusakaniza ndi dothi lapamwamba. Pakati pa dzenje lililonse anaunjika kamulu, n'kukhazika kamtengo pamwamba pake mizu ikulendewera mbali zonse. Justus anabwereza kawiri kuti mfundo yotupa ija, pamene analumikiza mtengo ndi mizu, isakwiririke. Minga inamulasa Kezia m'manja monse. Pomaliza anapondaponda ndi chidendene, anathira madzi, n'kuimirira kuyang'ana. Zinkaoneka ngati zikhomo za munthu amene akuyeza maziko.

Chovuta chinali madzi. Mjigo unali kutsidya kwa msewu, ndipo amayi anzake ankamufunsa ngati watsegula malo ochapira zovala. Iye ankangoseka n'kusenza. Anamanga mpanda wa tsekera chifukwa cha mbuzi za apongozi. Anayala udzu wouma pansi pa kamtengo kalikonse kuti chinyezi chisathawe, koma udzu uja unaitana chiswe, ndipo pichesi mmodzi anamupeza atadyedwa khungwa lonse. Sanamuuze Justus msanga. Tsiku limene anamuuza, Justus sanakalipe. Anangoti udzu usamakhudze tsinde, awazepo phulusa, ndipo anamufunsa ngati manja ake apola.

Miyezi imeneyo ankalankhula kwambiri kuposa zaka zonse za m'mbuyo. Kale foni inkakhala ya moni, ya maliro a pamudzi ndi za sukulu ya Chawa, kenako onse awiri n'kusowa chonena. Tsopano Justus ankafuna kudziwa dzuwa limayamba kuwomba mbali iti, mphepo imachokera kuti, ngati mtengo wa mango wa kumadzulo unakula mpaka kuphimba zenera. Kezia anazindikira kuti mwamunayo akufunsa za nyumba yake yomwe, imene sankaidziwa.

Chakumapeto kwa Ogasiti, m'mawa wina, anaona timaso tofiira titatupa pa rozi wa pafupi ndi masitepe. Anagwada pansi kuyang'anitsitsa, ndowa ili pambali. Patapita masiku ochepa tinatuluka timasamba tofiirira tofewa. Mapichesi otsalawo anaphukanso, mabulosi anatsatira. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, duwa loyamba linatseguka, lachikasu, lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Fungo lake linkalowa mpaka pabalaza. Apongozi aja anabwera ndi ndodo yawo, ananunkhiza, n'kungoti, "Chiwemi chomene," kutanthauza kuti n'chokongola kwambiri.

Kezia anatsegula zipinda zija, anazira pansi, anachapa makatani. Sabata ya Khirisimasi isanafike Justus anaimba ndi mawu otsika. Mayi amene ankamugwirira ntchito anagwa n'kuthyoka chiuno, ana ake anali kunja kwa dziko, ndipo panalibe wina wosiyira pakhomo. Anati apirire mpaka Isitala. Kezia anangoti wamva, n'kutsika pachulu. Kwa masabata angapo sanakwereko.

Maluwa anachuluka m'nyengo ya mvula. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapempha ena oti akongoletsere ukwati wa mwana wa mnzawo, iye anakana, zimene sanachitepo kwa anzakewo. Ankafuna kuti Justus adzawapeze ali pamtengo. Koma duwa silidikira munthu. Masamba ake ankayoyoka pakhonde, iye n'kumasesa m'mawa uliwonse. Isitala inadutsanso.

Justus anafika mu Julayi, pa kabaza, atavala jekete yolemera, imvi zitachuluka kuposa mmene zinkaonekera pafoni. Mapichesi anali atayoyola masamba, marozi ali ndi timasamba tochepa tothimbirira, opanda duwa ngakhale limodzi. Kezia anachita manyazi ngati kuti mlendo wamupeza asanasese. Koma Justus anaika chikwama pansi, asanalowe n'komwe m'nyumba, n'kuyamba kuzungulira. Ankagwira tsinde lililonse, kukanda dothi ndi chala, kuwerama kuyang'ana mfundo zija. Atamaliza anamuyang'ana mkazi wake kwa nthawi ndithu, n'kunena kuti ku Joni wawona anthu odziwa ntchito akulephera zimenezi.

Tsiku lachitatu anatulutsa sizasi yodulira nthambi m'chikwama n'kuyamba kudula marozi. Nthambi zazitali zimene Kezia ankanyadira zinkagwa pansi imodziimodzi, mpaka rozi wa pamasitepe anatsala wofika m'mawondo.

"Awiske Chawa, ine ndasenza madzi chaka chathunthu. Inu simunaone ngakhale duwa limodzi, ndiye mukufikira kudula?"

Justus anaima. Anati akapanda kudula, chaka chino maluwa adzakhala ochepa ndi aang'ono. Kenako, maso ali pansi, ananena chimene Kezia anali atachiona kale pa kuchepa kwa chikwama chija: wabwera kwa masabata awiri okha. Mayi uja sanachire bwino, ndipo Chawa anali asanamalize koleji.

Kezia analowa m'nyumba. Anakhala pabedi nthawi yaitali akumva phokoso la mphepo pamalata, panja pali zii, sizasi osamvekanso. Atatuluka anapeza Justus atakhala pamasitepe, marozi ena asanawakhudze. Anatambasula dzanja, Justus anamupatsa sizasi ija. Anamusonyeza podula, pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja, mopendeketsa kuti madzi asakhalepo. Dzanja lake lokhakhala linali pamwamba pa la Kezia. Otsalawo anadula Kezia yekha, Justus akumutolera nthambi.

Masiku otsatirawo ankapita limodzi kumjigo, Justus akukankha zigubu panjinga, anthu akumuima m'njira kumupatsa moni. Justus anasankha nthambi zowongoka mwa zodulidwa zija, nazidula zazifupizifupi, n'kumuuza kuti akazizika mumchenga wonyowa pamthunzi zina zidzagwira.

Tsiku lonyamuka Kezia anamuperekeza mpaka pa boma. Sanamufunse kuti adzabwera liti, ndipo Justus sanatchule mwezi uliwonse. Basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pazenera n'kunena kuti sizasi waisiya pawindo la kukhitchini, aziipaka mafuta isachite dzimbiri.

Kezia anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Jekete yolemera ija anaipeza ili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo sanadziwe ngati Justus anaiwala kapena anaisiya dala. Anaisiya pomwepo. Anasintha zovala, anatenga beseni lakale lobooka, n'kutsikira kukhwawa kukatapa mchenga kusanade.