Matumba Makumi Atatu a Ufa

Ulyana ankakweza matumba a ufa pachigalimoto chake cha matayala otalika ngati munthu, kuti akapereke kwa abusa a mphalapala zoweta za kudera lozizira. Mlamu wake Zakhar anatulukira pakanjinga kamoto koyenda pachipale chofewa.

"Alamu, chidakwa chanuchi chimapapira mafuta ngati chili paukwati," anatero Zakhar. "Kangaka, malita makumi awiri okha kafika."

"Kafika ndi matumba angati?"

"Atatu."

"Alipo makumi atatu. Inu mupita kakhumi, ine kamodzi basi. Werenganinso malita anuwo."

Zakhar anapinda zala akuwerenga, kenako anangokanda m'mutu. Ulyana sanadikire yankho. Anamusenzetsa thumba paphewa. Anakwera limodzi pachigalimotocho, ndipo ufa wonse unafika kumahema a abusawo mphepo yamasana isanayambe.