Katondo m'Botolo

Anthu a m'tauniyo ankamutchula kuti Mayi Botolo, ndipo mwini wakeyo dzinalo sankadandaula nalo. Ntchito yake inali yoyang'anira damu lomwe linkamwetsa tauni yonse, damu laling'ono la khoma la dothi. M'mawa uliwonse ankatsikira kunsi kwa khomalo, pomwe kapaipi kankatulutsa madzi ochucha m'dothi, n'kutunga m'botolo lomwe kale munali jamu. Botololo ankaliika pawindo la kanyumba ka pampu, n'kupita kukatchetcha udzu, kukwirira mauna a mbewa ndi kupirikitsa mbuzi za eni. Pofika nthawi ya tiyi madzi aja amakhala atadikha, ndipo iye ankawayang'ana padzuwa.

Damu lililonse la dothi limachucha, zimenezo sizinkamuopsa. Chachikulu n'chakuti madzi ochuchawo azikhala oyera. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anali oyeradi, moti anthu opita kumadimba ankamuseka kuti analembedwa ntchito yocheza ndi botolo.

Lachiwiri lina, chilimwe chili pachimake, pansi pa botolo panaoneka timatope tofiira. Anataya madziwo, n'kutsuka botolo, n'kukatunganso. Atadikha, timatope tija tinabweranso, ulendo uno tochulukirapo. Mutu wake sunabalalike. Anaimbira foni injiniya wa kulikulu, ndipo bamboyo anangomuuza zomwe iye ankadziwa kale: madzi ayamba kukokolola dothi m'kati mwa khoma, ndipo njira ndi imodzi yokha, kutsitsa madzi a m'damu msanga kuti khomalo lipepukidwe. Injiniyayo anati afika mawa, koma madzi atsegulidwe lero.

Vuto linali pa maloko. Gudumu lotsegulira madzi linali ndi maloko awiri. Kiyi mmodzi anali ndi Mayi Botolo, winayo anali ndi wapampando wa komiti ya madzi. Wapampandoyo anali mchimwene wake weniweni, bere limodzi, munthu wovala jekete kaya kutenthe bwanji, komanso wosafuna kuuzidwa zochita ndi mwana amene anamuona akukwawa. Nyumba yake inali kumunsi kwa damu, mzere woyambirira, pafupi ndi sukulu.

Atamuimbira foni, wapampandoyo anafika pa njinga yamoto nkhope ili ndwii, ndipo anayamba kulalata asanatsike n'komwe. Mvula ikadali kutali, mipopi ikutulutsa madzi modumphitsa masiku, amayi akukangana pamzere wa zigubu, ndiye iye akauze anthu kuti wataya theka la madzi awo chifukwa cha botolo la jamu? Anati injiniyayo amalankhula atakhala pamthunzi, madzi a kuno samwa nawo. Anati matopewo mwina avundula ndi achule. Anamaliza ndi mawu akuti komiti ikakhala pansi, munthu wina ntchito imuthera.

Mayi Botolo anamusiya alankhule mpaka kukhosi kuume. Ankamudziwa bwino mchimwene wakeyo: ukamudula mawu, amakayambiranso poyamba. Atatha, Mayi Botolo anatenga botolo pawindo paja, mosamala kuti lisavunduke, n'kumupatsa m'manja.

"Achimwene, dothi la chigwa chino ndi lamtundu wanji?"

"Lakuda. Ukufunsa ngati mlendo bwanji?"

"Nanga ilo lili pansipo?"

Wapampando anakweza botolo lija padzuwa.

M'chigwa monsemo munalibe katondo, dothi lofiira lija. Katondo yense amene analipo anachita kubwera pa malole kuchokera kuphiri, zaka makumi atatu zapitazo, n'kutsindiridwa pakati pa khoma kuti madzi asadutse. Mmodzi mwa otsindirawo anali bambo awo. Tsiku lililonse ankaweruka ali psuu, nsidze ndi ndevu zomwe, ndipo amayi ankadandaula kuti ovololo imeneyo idzawamalizira sopo. Wokataya madzi ochapirawo ankakhala mwana wamkulu, yemweyu wa jeketeyu.

"Amenewo si matope a achule," anatero Mayi Botolo. "Ndi dothi lomwe anatsindira abambo. Likutuluka pang'onopang'ono, ndipo likatha kutuluka, madzi onsewa adzera pabalaza panu. Ntchito mundichotse mawa, palibe kanthu. Koma kiyi ndipatseni lero."

Anazinena mosakweza mawu, monga mmene amanenera kuti udzu wakula. Ankadziwa kuti kufatsa kwakeko n'kumene kunkamupsetsa mtima mchimwene wake kuyambira ali ana, koma analibe nthawi yomunyengerera. Ankaganiza za ana a pasukulu ija, ndiponso anamumvera chisoni mkuluyo.

Wapampando anapendeketsa botolo, madzi n'kutayika. Anapisa chala, n'kukanda timatope tija, n'kutifikisa ndi chala chachikulu. Tinali tosalala, tomata. Kenako anavula jekete, n'kulikoleka pa msomali wa pachitseko, n'kutulutsa kiyi m'thumba la buluku.

Gudumulo linali lolemera, lofuna anthu awiri, koma silinawavute chifukwa Mayi Botolo ankalipaka girisi mwezi uliwonse, ngakhale kuti panalibe amene ankamuona. Anazunguza limodzi, wina uku wina uku. Paipi yaikulu inatsokomola kawiri, kenako madzi anakhuthukira mumtsinje ndi mkokomo womveka mpaka kumsika.

Sipanatenge nthawi, pamwamba pa khoma panadzaza anthu, ena ndi makasu a kudimba, ena ndi zigubu zopanda kanthu. Onse ankafuna kudziwa kuti wamisala amene akutaya madzi chilimwe chino ndani. Mayi Botolo anapukuta manja pachitenje kuti akwere akawayankhe, koma mchimwene wake anamugwira mkono.

"Anthuwa ndiwayankha ndine," anatero. "Iwe pita ukatunge botolo lina."

Mayi Botolo anatola botolo lake, n'kuyamba kutsikira kukapaipi kaja. Ali pakati pa njira anacheuka. Mchimwene wake ankakwera khomalo wopanda jekete, kulunjika pamene phokoso linali lalikulu, ndipo chala chofiira chija anali asanachipukute.