Rimoti Yosadziwa Kunamizira

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti Amawotchi, chifukwa anakonza mawotchi kwa zaka makumi anayi. Kashopu anatseka kalekale, koma zala sizinasiye kuyabwa. Chinthu chatsopano chikalowa m'nyumba, ankayamba achitembenuza kuti aone pamene pabisala masikuluu. Akazi awo, amene iwo ankawatcha Aphunzitsi kuyambira ali pa chibwenzi, ankakonda kunena kuti tsiku lina bambowa adzatsegula ndi mphaka yemwe kuti aone chimene chimalira m'kati.

Masiku amenewa Aphunzitsi sankanenanso nthabwala zotero. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chidwalireni sitiroko. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, koma dzanja lamanja linatsala lolemera, ndipo lilime linkakana. Mayi amene kale ankakhalitsa chete kalasi yonse ndi liwu limodzi, tsopano ankaswera pampando wa pazenera, maso ali pa TV ya matchanelo anayi. Awiri mwa matchanelowo ankangobwereza nkhani zomwezomwezo.

Loweruka lina mwana wawo wamkazi anabwera ndi mwamuna wake. Atatha kudya, mkamwiniyo anayang'ana TV ija n'kupukusa mutu.

"Bambo, amayi akutopa nazo izi. Pali tizipangizo tolumikiza kumbuyo kwa TV, timakoka makanema pa intaneti. Munthu umaonera chimene wafuna, nthawi imene wafuna."

"Tiwagulire kabokosi kaja ka rimoti ya mabatani akuluakulu," anatero mwana wawo. "Dzanja lamanzere lingakwanitse."

"Koma kabwino ndi kandodo kaja. Rimoti yake umangoiuza pakamwa, iyo n'kukupezera."

Mwana wawo anamuponda phazi mwamuna wakeyo pansi pa tebulo, mwamphamvu moti masupuni analira. Mkamwini anazindikira mochedwa chimene wanena, ndipo anayamba kuyang'anitsitsa m'kapu yake ngati mwagwera ntchentche. Aphunzitsi ananenapo kanthu, mawu atatu kapena anayi olowererana. Onse anagwedeza mitu nthawi imodzi. "Eya, amayi, zoona."

Amawotchi nawonso anagwedeza mutu, koma maganizo awo anali atapita kale kwina. Rimoti yomva mawu? Khutu lake lili pati?

"Musagule kanthu," anatero. "Ndikaziona ndekha."

Lachisanu lotsatira anavala jekete n'kupita ku shopu ya zamagetsi, mbali ina ya msewu waukulu. Wogulitsa anali mayi wa magalasi olendewera pa tcheni. Anatulutsa zonse ziwiri n'kuziyala pa kauntala. Kabokosi kanali ngati sopo wochapira, ka chingwe chake chokhuthala. Kandodo kanali kotalika ngati chala chapakati basi.

Amawotchi anakanyamula, anakagwedeza pafupi ndi khutu, kenako anakatembenuza. Panalibe sikuluu ngakhale imodzi.

"Ndiye makanema onsewo amakwana muno?"

"Ayi, bambo, muno mulibe kanthu. Makanema amakhala kutali, m'makompyuta akuluakulu. Aka n'kamthenga chabe, kamapita kukatenga."

"Kamthenga. Nanga ine ndikayankhula, amandimva ndani? Alipo munthu wakhala kwinakwake akumvetsera?"

"Ndi makina okhaokha."

"Makina osatopa?"

"Mukhoza kuwafunsa ka handiredi, sakwiya."

Anafunsa za kutentha, za mabatire, za chimene chimachitika intaneti ikafooka, mpaka kasitomala wina amene anabwera kudzagula babu anakhala pansi n'kumamvetsera nawo. Pomaliza anafotokoza za akazi awo. Wogulitsa anavula magalasi.

"Ngati zili choncho, tengani kabokosi. Kandodo kakawasautsa mtima amayi. Koma popeza ndikuona kuti simugona tulo musanakayese, tengani zonse ziwiri, izi n'zoonetsera makasitomala. Mubweze Lolemba chimene simukuchifuna. Koma chonde, osatsegula."

"Ndingatsegule bwanji kopanda sikuluu?" anatero Amawotchi, modandaula kwenikweni.

Kunyumba anayamba ndi kabokosi. Anagwada kuseri kwa TV, anapukuta fumbi, analumikiza chingwe, ndipo pagalasi panadzaza tizithunzi m'mizeremizere. Rimoti yake inalidi yabwino, mabatani asanu ndi limodzi otupa ngati a jasi. Aphunzitsi anaigwira ndi dzanja lamanzere, anadina kupita kumanja, anadina kupita pansi, mizere osatha. Kuti upeze chinthu chimene palibe pamizerepo, unkayenera kusankha zilembo chimodzichimodzi. Anayesa zilembo ziwiri, chala chinaterera, zonse zinafufutika. Anaika rimoti pamiyendo n'kuyang'ana panja.

"Muzolowera," anatero Amawotchi. Mumtima anali atasankha kale kabokosi.

Masana, Aphunzitsi atakagonako, bambowa anatseka chitseko cha pabalaza n'kutulutsa kandodo. Anakabaya kumbuyo kwa TV. Rimoti yake inali yopyapyala, ya batani limodzi lojambulidwa maikolofoni, ndipo pamwamba pake panali kabowo kochepa ngati kobooledwa ndi singano. Khutu lija linali limenelo.

Anadina, anakhosomola pang'ono, n'kunena mwaulemu ngati akuyankhula ndi bwana: "Mawotchi akale."

Pagalasi panatuluka mawotchi. A pakhoma, a m'thumba, ena a pansanja zazitali, ndiponso mkulu wina wa ndevu akutsegula wotchi ndi kampeni kofanana ndi kawo. Amawotchi anakhala pansi osayang'ana pamene pali mpando.

Kenako chidwi chinawagwira. Anayesa kunong'ona, inamva. Anayesa ataima pakhomo, inamva. Anayesa kuyankhula mothamanga ngati kondakitala, inamva theka. Anafuna kudziwa pamene nzeru zake zimathera, choncho anatenga supuni, anailuma, n'kuyankhula ili m'kamwa. Pagalasi panalembedwa kuti: Sindinamve. Nenaninso.

Atatembenuka anapeza Aphunzitsi ataima pakhomo, atatsamira ndodo yawo, akuyang'ana mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri ali ndi supuni m'kamwa. Manyazi anawagwira Amawotchi. Anaopa kuti akazi awo aganiza kuti akuwayeseza. Anabisa rimoti kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Aphunzitsi anatambasula dzanja.

"Iyi si yabwino, mayi. Ndi yamwano. Ikubwerera Lolemba."

Dzanja silinatsike. Amawotchi ankalidziwa dzanja limenelo. Linalanda malegeni ndi timakalata tachikondi tosawerengeka m'zaka makumi atatu za kalasi. Anapereka.

Aphunzitsi anakhala pampando wawo, anadina batani, anasonkhanitsa milomo, n'kutulutsa liwu. Linamveka ngati "nju-i".

Sindinamve. Nenaninso.

"Mwaona?" anatero Amawotchi, mtima ukuwawa. "Bweretsani."

Aphunzitsi anadinanso. Ulendo uno pagalasi panadzaza njinga: zothamangitsa, za ana, ina ya mawilo atatu. Mayiwo anayang'ana njingazo kwa kanthawi, kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Amawotchi anathamangira pafupi poganiza kuti akulira. Ankaseka. Kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa, misozi ili mbwe, kuseka kumene m'nyumbamo munali musanamveke chibwerereni ku chipatala.

Anayesa mpaka tiyi wa madzulo. Anapeza njinga kanayi, njoka kamodzi, ndi nyimbo ina yaphokoso imene onse awiri sanaidziwe. Loweruka anapitiriza. Amawotchi ankangozungulira, akulephera kumvetsa. Liwu limene akazi awo ankalifuna sankalidziwa, ndipo anazindikira kuti sakudziwanso kafunsidwe kake.

Lamulungu masana mwana wawo anafika yekha. Anaima pakhomo n'kumva amayi ake akulimbana ndi rimoti, galasi likuwayankha zomwe zija. Nkhope inasintha.

"Bambo, mwatani? Si ndinanena kabokosi? Mukufuna kachinthu aka kazichititsa manyazi amayi tsiku lonse?"

Anapita kuti akatenge rimoti, koma Aphunzitsi anaipanikiza pachifuwa. Anapuma mozama. Mawu anatuluka amodziamodzi, olemera, koma aliyense m'chipindamo anawamva.

"Inu... mumangoti... eya."



Analoza TV ndi chibwano. "Aka... sikanama."

Mwana wawo anakhala pa mkono wa sofa. Amawotchi anayang'ana pansi. Zinali zoona. Kwa miyezi yonseyi, akazi awo akayankhula, iwo ankagwedeza mutu msangamsanga kuti asawavutitse kubwereza. Nthawi zina ankabweretsa madzi, mwina atapemphedwa bulangete. Ankayesa kuti kumeneko ndiko kusamala wodwala.

Anakoka kampando kawo kantchito n'kukhala moyang'anizana ndi akazi awo.

"Mayi, liwu limene mukulifunali ine sindinalimve. Kuyambira Lachisanu sindikulimva. Tanenaninso."

Aphunzitsi ananena. Sanamve. Ananenanso, uku akuzunguza chala m'mwamba n'kuchita "zzz".

"Udzudzu?" anafunsa mwana wawo.

Amayi ake anamuyang'ana ndi diso lija la m'kalasi.

"Njuchi!" anakuwa Amawotchi. "Njuchi! Nanga njuchi zatani?"

Nkhaniyo inatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo tiyi anazizira m'makapu. Amawotchi anafunsa "mwati chiyani?" kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse akazi awo ankabwereza mosakwiya. Pamapeto pake anaimva yonse. Chaka choyamba cha uphunzitsi wawo, njuchi zinamanga m'denga la kalasi. Kamtsikana kena kanakweza dzanja n'kufunsa kuti njuchi imodzi ikapeza maluwa kutali, zinzake zimadziwa bwanji njira, poti njuchi siyankhula. Aphunzitsi sankadziwa. Anati adzayankha mawa. Mawa lake kunabwera anthu odzachotsa njuchizo, kalasi inasamukira kwina, ndipo funsolo linaiwalika kwa aliyense kupatula iwo. Chikhalireni pampando wa pazenera, linkangowabwerera.

"Zaka zonsezi osandiuza?" anatero Amawotchi.

"Ndinene ineyo, amayi, tione pompano," anatero mwana wawo, akutambasula dzanja kuti atenge rimoti.

Aphunzitsi anakana ndi mutu. "Nde-kha."

Lolemba m'mawa Amawotchi anakulunga chingwe bwinobwino n'kubweza kabokosi. Wogulitsa anasuzumira m'thumba, kenako anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwabweza kolakwika, bambo."

"Ayi, n'komweko."

"Kandodo kakuwamva amayi?"

"Sikakuwamva ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake akukafuna."

Anamusiya mayiyo ali kukamwa yasa, n'kudutsira pogula mabatire ena, chifukwa anaona kuti aja sachedwa kutha.

Njuchi zinabwera Lachinayi, cha m'ma teni m'mawa. Amawotchi anali kukhitchini akutsuka makapu pamene anamva liwu lija likutuluka lathunthu, "chi" wake womveka bwino, kenako kulira kwa mng'oma wonse kunadzaza pabalaza. Anathamanga manja ali thovu. Pagalasi, njuchi imodzi inkayenda pakati pa zinzake ikugwedeza thako, n'kuzungulira, n'kubwerera pomwe paja kudzagwedezanso. Wofotokoza ankati kuvina kumeneko ndiko kulozera njira: kumene yalunjika ndiko kuli maluwa, ndipo ikagwedeza nthawi yaitali ndiye kuti ndi kutali.

"Imayeza bwanji mtunda?" anafunsa Amawotchi, akupukutira manja pa thalauza. "Ilibe wotchi, ilibe..."

"Shh," anatero Aphunzitsi.

Anaonera mpaka kumapeto, kenako anabwereza. Itatha kachiwiri, mayiwo anasisita rimoti ndi chala chachikulu.

"Kamtsikana kaja," anatero pang'onopang'ono, "pano... ndi gogo."

"Mwina anazipeza yekha."

"Mwina."

Anakweza rimoti kufika pakamwa, anadina batani, n'kuyamba kulimbana ndi liwu lina latsopano, lalitali kuposa loyamba lija. Amawotchi anasendeza kampando kawo pafupi kuti aone ngati angalimve iwo makina asanalimve.