Chala Chobwereka

Miyezi itatu yathunthu ndinkalawirira kukhitchini kuphikira bambo anga. Diso lawo lakumanja linali litazima kale ndi matenda a shuga, ndipo adokotala ananena mosapsatira kuti lakumanzere sangalichite opaleshoni shugayo asanakhazikike. Bambo ndi telala. Akalephera kuona bowo la singano, ntchito yathera pomwepo.

Ndiye ndinkagawa chakudya m'timabokosi tinayi: dzira ndi masamba, nyemba, kampunga kongokwana m'dzanja, timtedza. Cholinga chinali choti azidya pang'onopang'ono, osati kukhala ndi njala tsiku lonse kenako n'kudya ngati akumenyana ndi mbale. Shuga ndinamuthamangitsa m'nyumba, ine ndemwe n'kumamwa tiyi wowawa. Ndikapita kuntchito kusitolo, amayi ndiwo ankatsala ndi kamakina kobayira chala n'kuyeza magazi.

Madzulo alionse ankandichingamira nako pakhomo.

“Taona mwanawe, lero sikisi. Dzulo faifi. Bambo ako akumvera.”

Ndinkanyada, sindinama. Ndinafika pomalangiza anzanga kuntchito za kadyedwe ngati ndinapitako kusukulu yake.

Tsiku lopita kuchipatala, nesi anatenga magazi pamkono pa bambo, aja amaulula za miyezi itatu yapitayo. Adokotala anayang'ana pepala la zotsatira, anayang'ana kamakina kathu, n'kuvula magalasi.

“Manambala a m'kamakinaka ndi okongola,” anatero. “Koma magazi akunena zina. Shuga wakhala ali pamwamba nthawi yonseyi.”

Anagwira manja a bambo n'kuwatembenuza. Zala zonse zinali zosalala.

“Mumabaya chala chiti, bambo?”

Bambo anangotsokomola. Apo m'pamene ndinaona amayi akulowetsa manja pansi pa chikwama chawo. Ndinawakoka dzanja, ulemu nditauiwala. Nsonga za zala zawo zinali zodzaza ndi timadontho takuda.

“Amayi, n'chiyani ichi?”

“Amadandaula njala, mwanawe. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwaphikira, lero ndiwamane kabanzi ndi tiyi wotsekemera? Ndimati tikakuuza ukhumudwa.”

“Nanga timabokosi tija?”

Anayang'ana pansi. “Ndimadya ndine. Chakudya sitaya.”

N'chifukwa chake manambala anali okongola. Miyezi itatu ndinkasamalira shuga wa munthu wosadwala. Ndinapsa mtima, koma chinandiwawa kwambiri n'choti madzulo onse aja ankandimwetulira awiriwiri, atagwirizana kale zondiuza.

“Usawakalipire amako,” bambo anatero chapansipansi. “Ndimawatuma ndine.”

Adokotala anaunika diso lotsala lija kwa nthawi yaitali. Anati timitsempha ta mkati tayamba kutulutsa magazi, opaleshoni siingatheke panopa, tibwerenso pakatha miyezi ina itatu. Nditafunsa ngati disolo lidzakhale likuonabe, anangoti tiyesetse.

Potuluka, amayi anatsogola mwachangu kuthawa maso anga. Bambo anaimirira pakhomo la chipindacho n'kutambasula dzanja, kufuna phewa loti agwire. Ine ndinali chiimire kumanja kwawo, pafupi kwenikweni, koma sindinasunthe. Anapapasa m'mwamba, anapapasa khoma.

“Mwanangu, uli kuti?”

Ndinawasiya apapasenso kamodzi ndisanawapatse phewa langa.