Khoka la Che Sumani pa Chidziwe

Mng'alu unayambira pansi pa zenera n'kukwera mpaka kudenga, ndipo chala cha Che Sumani chinkalowamo chonse. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankazungulira kuseri kwa nyumba kukauyeza. Nyumbayo anaimanga ndi thukuta la zaka makumi atatu zokoka khoka ku Nkope. Tsopano pakati pa khoma lake ndi phompho panatsala mapazi asanu okha.

Phompholo linali gombe la Chidziwe, dzenje lalikulu limene linakumbidwa kalekale mbali ya kwa Mponda kuti madzi a mvula ochokera m'ngalande za m'tauni azipumirapo asanatsikire ku Shire kudzera m'kalavati, chipaipi chachikulu chotulutsira madzi. Koma dziwelo linali litasanduka dzala. Pamwamba panayala namasupuni wothithikana moti nkhuku inkayendapo osamira. Pansi panali majumbo, mabotolo ndi matewera. Kalavati inatsekeka. Mvula yapitayi madzi anasowa kolowera, anadya gombe, khoma la Che Sumani n'kung'aluka.

"Mvula ina ikabwera tidzadzuka tili m'madzi," anatero akazi awo, Abiti Yasini. "Mwana wathu Farida akuti tipite kwawo ku Chowe. Ine katundu wanga ndayamba kumanga."

"Ndikapemphe pogona kwa mkamwini? Ine?"

"Bola mkamwini kusiyana ndi khoma kukugwerani."

"Masulani katunduyo. Loweruka ndikutentha tchire lonse la pagombeli ngati chaka chatha. Pano sindichoka."

Loweruka litafika, Che Sumani anaima pagombe ndi machesi m'manja. Asanayatse, panafika mayi wachitsikana pa njinga. Anati dzina lake ndi Edith, mlangizi wa zachilengedwe wochokera kukhonsolo.

"Agogo, taimani kaye ndi motowo."

Che Sumani anamuyang'ana kuyambira kunsapato. Anthu a mapepala m'manja anali atawaona ambiri.

"Mwabwera ndi kamera? Anzanu ena anabwera zaka zapitazo ndi mbande za m'timachubu. Anabzala dzuwa lili pamutu mwezi wa Okutobala, anajambulitsa, anakwera galimoto. Mbuzi zinamaliza ntchito. Inu mwatenga chiyani?"

"Sindinatenge kanthu. Ndili ndi funso lokha. Chaka chatha pano panatenthedwa?"

"Panatenthedwa. Ndinatsogolera ndine. Tinadula bango yense, tinazula zitsa, panayera ngati pabwalo. Njoka zinathawa."

"Nanga gombe la kuseri kwanuli linagumuka musanazule kapena mutazula?"

Abiti Yasini, amene anali pakhonde, anayankha m'malo mwa amuna awo. "Atazula."

Edith anawatengera tsidya lina la dziwe, kumene khasu silinafike. Kumeneko kunali chitsa cha bango chobiriwira, ndipo gombe linali chilili.

"Tazulani ichi, agogo."

Che Sumani anapinda malaya. Manja amene anakoka khoka zaka makumi atatu sakanagonja kwa udzu. Anagwira, anakoka, mitsempha inatuluka m'khosi, koma chitsa sichinasunthe.

"Tsopano zulani uyu," anatero Edith akuloza namasupuni.

Anamunyamula ndi zala ziwiri. Mizu yake yakuda inangolendewera m'malere, yosagwira kanthu.

"Mwaona kusiyana kwake? Bango, njedza ndi nsenjere ndi zomera zakwathu kuno. Mizu yake imaluka dothi ngati mkeka. Namasupuni ndi mlendo. Amangoyandama, kutseka kalavati ndi kusungira udzudzu madzi oima. Moto wanu unapha mlonda n'kusiya wakuba, chifukwa wakubayo amakhala pamadzi."

Che Sumani anakumbukira dooko lina ku Nkope kumene anthu anadula bango kuti pakhale mchenga woyera. Pasanathe zaka zitatu mafunde anafika pa mitengo ya mango. Iwo anaseka anthuwo nthawi imeneyo. Zinawawawa mumtima, koma nkhope sanaisinthe.

"Zimenezo ndinazidziwa inu musanabadwe."

"Ndiye mukhala mphunzitsi wathu," anatero Edith osaseka. "Ntchito ilipo itatu. Kuchotsa namasupuni ndi zinyalala, kutsekula kalavati, ndi kubzalanso gombe. Kalavati ndibwera ndi anyamata a kukhonsolo. Koma namasupuniyu ndi wambiri. Ndinalemba kupempha chimakina chokumbira, ndipo mzere wake ndi wautali. Sindikunamizani kuti chifika mvula isanagwe."

Aka kanali koyamba kuti Che Sumani amve munthu wa muofesi akunena kuti sakudziwa tsiku. Anabweza machesi m'thumba.

"Chimakina chanucho chikhale komweko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Analowa m'nyumba, anakwera pampando, natsitsa mtolo waukulu umene unakhala kudenga zaka khumi. Linali khoka lawo lakale, lobooka m'malo ambiri moti silikanagwiranso chambo.

"Nsomba lingaphonye," anatero, "koma chinthu chopusa ngati namasupuni silingachiphonye."

Sabata yonse anakhala pansi pa mtengo akusoka mabowo akuluakulu. Anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu ozungulira Chidziwe. Ambiri anafunsa ngati kukhala malaya olembedwa kapena chakumwa. Atamva kuti kulibe, anati ali ndi maliro kumudzi.

Amene anaseka kwambiri anali Dyson, woumba njerwa. Dothi lake ankalikumba pagombe pomwepo, pafupi ndi nyumba ya Che Sumani.

"Madala, nyanja inakukanani ndiye mwayamba kuwedza matewera? Mukagwira chambo mundisungireko mutu."

"Ndikusungira," anatero Che Sumani osatukula maso. "Mutu ndi umene ukusowa."

Tsiku la ntchito panabwera anthu khumi ndi anayi, ambiri amayi amene madzi analowa m'makhitchini mwawo. Edith anabwera ndi mawilibala awiri ndi nsapato za mphira zochepa. Che Sumani anagawa anthu pawiri monga amachitira kunyanja, asanu ndi awiri chingwe cha kumanja, asanu ndi awiri cha kumanzere. Iwo analowa m'madzi ofika m'chiuno, nazunguliza khoka kuseri kwa chigawo chimodzi cha namasupuni.

"Musakoke ndi manja, mutopa msanga. Chingwe chikhale m'chiuno, muziyenda chafutambuyo. A kumanzere mwathamanga, dikirani anzanu. Tiyeni nalo."

Poyamba sipanasunthe kanthu. Kenako chiyalo chonse chobiriwira chinang'ambika, chinayamba kubwera pang'onopang'ono ngati chilumba. Kumbuyo kwake kunaoneka madzi, akuda ndi onunkha, koma madzi. Amayi analuluta. Anthu amene anali ndi maliro kumudzi anayamba kutuluka m'nyumba zawo kudzaonerera, ndipo pofika khoka lachitatu ena anali atagwira chingwe.

Anaunjika namasupuni pagombe, mulu wotalika kuposa munthu. Che Sumani anakhala pansi kupuma, koma Edith anapukusa mutu.

"Pamenepa ayi. Mvula yoyamba idzamubwezera m'madzi, ndipo kachidutswa kamodzi kamadzaza dziwe lonse. Tim'tutire kumtunda, aume, tipange manyowa. Majumbo ndi mabotolo tipatule."

"Mwana iwe, unabadwa kuti uzizunza okalamba?"

"Mukufuna kudzakokanso chaka chamawa?"

Che Sumani anang'ung'udza, koma wilibala yoyamba anakankha ndi iwo.

Anakoka Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu. Anyamata a kukhonsolo anabweradi, anafukula kalavati, madzi oola anatsika. Kenako Che Sumani anabwereka bwato, napita ndi amuna awiri m'mbali mwa Shire kukatenga zitsa za bango ndi njedza. Edith anawauza kuti ayambe apempha kwa komiti yoyang'anira gombe la kumeneko, ndipo pa chitsa chilichonse azitengapo pang'ono kuti kumenekonso kusatsale poyera. Bango ndi njedza anazibzala m'munsi, m'dothi lonyowa. Nsenjere anaika m'mizere yopingasa pamtsetse wa gombe mvula yoyamba itagwa. Pamwamba, kutali ndi nyumba, anabzala mikuyu iwiri naitchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi. Kukamwa kwa kalavati anakusiya koyera, ndipo analambula kanjira kozungulira kuti anthu asamaope njoka.

Panatsala malo amodzi, nkhuti ya Dyson. Inali ndendende pamene madzi anadyera gombe. Edith anamuuza kuti malamulo salola kukumba m'mbali mwa dziwe ndipo anamulozera malo ena kunja kwa tauni. Dyson anavomera ndi pakamwa, mawa lake n'kubweranso ndi khasu.

Che Sumani anakwirira nkhutiyo, anabzalamo nsenjere. Dyson anazula. Anabzalanso. Dyson anazulanso. Tsiku lachitatu Dyson anapeza Che Sumani atayala mkeka pakati pa nkhuti, atakhala mwendo pa unzake, mikanda yopempherera ya tasibihi ili m'manja.

"Madala, chokani ndigwire ntchito."

"Kumba. Uyambe ndi ine. Dothi lake ndine, lakupsa kale."

"Malo ano si anu."

"Si akonso. Koma khoma likugwalo ndi langa."

Abiti Yasini anatuluka ndi lichero la mpunga nakhala pambali pa amuna awo n'kuyamba kusankha. Anabwera mayi wina ndi nsalu yosoka, wina ndi mwana kumsana. Posakhalitsa nkhuti inadzaza amayi amene anakoka khoka. Palibe anatukwana. Ankangocheza za mitengo ya tomato ngati Dyson palibe. Iye anaima nthawi yaitali, kenako ananyamula chikombole chake n'kumapita.

"Mvula idzatiweruza," anatero akuchoka.

"Idzatiweruzadi," anayankha Che Sumani.

Anamata mng'alu wa khoma lawo ndi dothi, ndipo tsiku lililonse ankayendera gombe, kubwezera pamene pafa ndi kuvuula kanamasupuni kalikonse kamene kaonekera. Abiti Yasini katundu wawo sanamasule. Anangomukankhira pansi pa bedi.

Mvula yeniyeni inabwera Lachisanu lina mu Febuluwale, anthu akutuluka ku mapemphero a Juma kumzikiti. Inagwa ngati yolipsira. Ngalande zonse za m'tauni zinasanza madzi ofiira m'Chidziwe. Che Sumani anaima kuseri kwa nyumba atafunda thumba, Abiti Yasini ali pakhomo ndi mtolo wawo m'manja.

"Tiyeni kumsewu, bambo a Farida."

"Pitani. Ine ndikufuna ndione."

Madzi anakwera, anamiza njedza, anafika pa nsenjere. Udzuwo unagona pansi pa mphamvu ya madzi, koma dothi silinachoke. Tsidya lina kalavati inkamveka kuguguda ikumeza. Madzi anaima pa mzere wachitatu wa nsenjere, anakhala pomwepo mpaka mvula inakata, kenako anayamba kubwerera. Pofika Lamlungu anali atatsika, ndipo bango anadzukanso, wamatope koma wamoyo.

Che Sumani anayeza ndi mapazi kuchokera pakhoma mpaka pagombe. Asanu, monga kale. Anapapasa pamene anamata. Panalibe polowa ngakhale chikhadabo.

"Masulani katundu uja," anatero. Ulendo uno Abiti Yasini anamasula.

Edith atabwera Lolemba, anawapeza akupinda khoka.

"Chimakina chija akuti chipezeka mwezi wamawa, agogo."

"Chiuzeni chipite kwa amene akuchidikira." Anaika khoka pansi. "Unanena zoona, mwanangu. Sindibwereza, ndiye usunge."

Chilimwe chitafika bango anatalika kuposa denga. Komiti ya anthu ozungulira Chidziwe inagwirizana kuti bangoyo azidulidwa kamodzi pachaka, ndipo inasankha Che Sumani kukhala woyang'anira. Mmodzi mwa oyamba kufika ndi chikwakwa anali Dyson. Mpanda wa kunyumba kwake unali utagwa.

"Madala, ndimati ndipempheko bango pang'ono."

Che Sumani anamusiya aime kaye padzuwa. Kenako analoza ndi ndodo.

"Dula pamwamba. Mizu usiye. Ukakhudza muzu umodzi, ndikayala mkeka pakhomo pako."

Madzi saiwala khwawa. Akabwera amafuna popumira ndi potulukira, ndipo akasowa amalowa m'nyumba zathu. Dziwe la madzi a mvula si dzala, choncho tisatayemo zinyalala kapena kukumba dothi m'mbali mwake. Kulisamala si kulitentha kapena kulipalira mpaka poyera. Tichotse namasupuni n'kumuumitsa kutali ndi madzi, tisunge kalavati yotsekuka, ndipo tibzale ndi kuteteza bango, njedza, nsenjere ndi mitengo yakwathu, chifukwa mizu yake ndi imene imagwira gombe. Tifunse alangizi, koma tisakhale manja lende kudikira chimakina. Nyumba zimene zili pagombe ndi zathu.