Bokosi Langa Linakana Abale

Malotowa akundisowetsabe mtendere. Ndinalota nditamwalira, koma ndikuona zonse, fungo la matabwa aawisi lili m'mphuno. Amalume anaimirira pamaliropo nati, "Uyu ankakhala ndi mwamuna mnzake. Anzakewo asayandikire pano!" Abale atati anyamule bokosi, linakana. Thukuta linali kamukamu, mapewa kusupuka, bokosi osasuntha.

Kenako Mavuto, mwamuna wangayo, anadutsa pakati pa anthu wopanda nsapato. Pambuyo pake panali anzathu amene timadya nawo Lamlungu lililonse, onse othamangitsidwa kwawo. Atangoligwira linapepuka ngati lichero, ine m'katimo n'kuyamba kuseka.

Kaya ndi imfa ikubwera, sindikudziwa. Nditamufotokozera, Mavuto anati, "Iwe, usandiopseze." Koma amalume amve: ondinyamula ndinawapeza kale.