Nyumba Yodikira Chivomezi

Ku Chipangali ukafunsa za Andireya Sakala anthu amayamba akanda m'mutu, koma ukangoti "a Chivomezi" ngakhale mwana wa kumbuyo amakulozera njira. Dzinali sanachite kulipempha. Linadza ndi pakamwa pake, pakuti bamboyu akafika pagulu la amuna potuluka Misa, nkhani ya mtengo wa thonje inkafera pomwepo n'kuyamba ya nyenyezi.

Ankati pansi pa dziko lathu pali mng'alu wautali wodutsa m'chigwa cha Luangwa. Pamenepo sankanama, ana amaphunzira zimenezo kusukulu. Koma iye ankapitirira. Ankati dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zikuluzikulu zikandanda pamzere umodzi, makamaka pa kadamsana, zimakoka nthaka ngati ng'ombe pagoli, mng'alu uja n'kuyasama. Nzeruzi ankakazitenga ku Chipata kwa Yunus, wogulitsa mafoni ku Down Shops, amene ankamuikira mufoni mavidiyo a mzungu wina wandevu wolozaloza timipira tozungulira.

"A Sakala, ine nikuikirani chabe chifukwa mwapempha," Yunus ankatero nthawi zonse. "Ife kadamsana akabwera tipita kumzikiti, tipemphera, tibwerera kushopu. Za mzungu wanuyu ni bizinesi."

Andireya ankangomwetulira ngati munthu womvera chisoni mnzake. Kangapo konse analengeza m'mudzi kuti sabata yakutiyakuti dziko ligwedezeka, sabatayo n'kudutsa ngakhale kapu osagwa pathebulo. Koma akamva pawailesi kuti kutsidya kwa nyanja chivomezi chapha anthu, ankayenda chifuwa patsogolo. "Ndinanena ine! Changophonya malo." Ukamuuza kuti tsoka silinunkha, ankayankha kuti limanunkha ndithu, vuto ndi mphuno zathu.

Obwera kumene m'mudzimo ndiwo ankaseka kwambiri. Akalekale ankaseka mosamala, chifukwa ankadziwa kumene zinachokera.

Zaka zambiri m'mbuyomo dzuwa linada masanasana, nkhuku mpaka kukalowa m'khola. Sabata isanathe nthaka inanjenjemera pang'ono, mbale n'kungolira m'dengu. M'mudzi monse simunagwe nyumba. Linagwa khoma limodzi lokha, la zidina zosawotcha, limene Andireya ankamanga yekha mothamanga, maziko ake osazama. Mumthunzi wa khomalo munali Mwayi, mwana wawo woyamba, akuphika masanje.

Kuyambira tsiku limenelo Andireya anakweza maso kumwamba, osawabwezanso pansi. Tinene zoona, munthuyu sankafuna kutchuka ayi. Ankafuna kuti mlandu ukhale wa dzuwa. Ukapanda kukhala wa dzuwa ndiye kuti unali wa manja amene anasanja zidina zija, ndipo katundu ameneyo mtima wake sukanamusenza.

Mkazi wake Sesiliya ankazidziwa zonsezi kuposa mwini wake, koma sanatulutsepo liwu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ankamusiya mwamunayo ndi nyenyezi zake, iye n'kumalimbana ndi chake chimene ankachifuna pa dziko lino, chomwe chinali nyumba. Chaka ndi chaka ankalima mtedza, kuswa yekha mpaka zala kuchita matuza, kugulitsa, n'kuwotchetsa njerwa pang'onopang'ono. Mmisiri anachita kulemba wa kwina, chifukwa Andireya sanagwirenso chipande chomangira chimwalirireni mwana uja. Sesiliya anadwalapo chifuwa chachikulu. Mankhwala anamaliza, koma nyengo yozizira ikafika m'chifuwa mwake munkalira ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo nyumba yawo yakale inkalowetsa mphepo paliponse pamene chiswe chinadya.

"Chaka chino Julaye andipeza kuseri kwa chitseko chenicheni," ankauza amayi anzake kuchitsime, akuseka.

Nyumbayo inatha Julaye ali pakati. Inali ya zipinda zitatu, malata owala, mawindo agalasi, pansi simenti yosalala. Tsiku lodalitsa, m'mamawa, Sesiliya anatuma mwamuna wake kutauni kukagula loko wa pakhomo, n'kumuuza kuti asachedwe. Akatekisiti anabwera, anawaza madzi odalitsa m'chipinda chilichonse, amayi a mphakati wa tchalitchi anaimba ndi kululuta. Amuna anagwetsa nyumba yakale ija kuti chiswe chisasamukire kwatsopano. Zonsezi zinachitika mwini khomo palibe. Iye anali atapatukira kwa Yunus.

Anafika dzuwa litapendeka, alendo atabalalika, nkhope ili gwa. Anapeza mkazi wake akulowetsa mphasa. Anailanda mofatsa, anaitulutsa, anatseka chitseko, n'kukoleka loko watsopano uja. Kiyi anaika m'thumba la jekete.

"Amake Mwayi, muno sitigona."

"Mwati bwanji?"

"Sabata yamawa kuli kadamsana wa mwezi. Nyenyezi yofiira ija nayonso yayandikira, zonse zili pamzere umodzi. Zotere sizinachitikepo chibadwire chathu. Kuyambira lero mpaka mwezi uno ukalowe mumdima, munthu asagone pafupi ndi khoma."

Sesiliya anayang'ana mulu wa dothi ndi udzu pamene panali nyumba yakale.

"Nanga tigone kuti, a Sakala? Ija agwetsa."

"M'chisakasa cha kudimba. Udzu supha munthu."

Aliyense wolima ndiwo zamasamba akudziwa kuti mu Julaye palibe malo ozizira ngati kudimba. Nkhungu imagona komweko, mame n'kumachita kudontha m'udzu. Andireya ankazidziwa bwinobwino. Koma kudimba kunalibe khoma ngakhale limodzi, ndipo m'mutu mwake munalibenso malo a china chilichonse.

Sesiliya akanatha kukana. Akanaitana achimwene ake kuti adzathyole lokoyo, ndipo mudzi wonse ukanakhala mbali yake. Mwana wawo Rosina, wokwatiwa ku Nabvutika m'tauni ya Chipata, analira pafoni kuti amayi abwere adzakhale kwa iye. Koma atate anati nyumba za kutauni ndiye zoopsa kwambiri, ndipo amayi anati sangasiye munthu yekha kudimba ngati chinyau choopsezera mbalame. Sesiliya anasenza mabulangete n'kutsatira.

Kadamsana anabweradi, pamenepo mzungu wandevu sananame. Mwezi unafiira ngati dothi la katondo, ana anamenya zitini m'mudzi, kenaka unayeranso. Nthaka sinachite kanthu. Andireya anati zimatero, chikoka chija chimatenga masiku kuti chifike pansi. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofika nthawi imeneyo n'kuti Sesiliya akutsokomola mosalekeza. Masana ankakwera pang'onopang'ono kuchoka kudimba, n'kukakhala pabwalo moyang'anana ndi nyumba yake, akuwothera dzuwa. Pakhonde sankaloledwa. Tsiku lina m'mawa Andireya anamupeza pamenepo atafunda bulangete mpaka kumutu, milomo itauma. Anamubweretsera madzi otentha a mandimu, n'kukhala pambali pake.

"A Sakala," anatero Sesiliya, "ndipatseni kiyi. Lero lokha."

"Kwatsala pang'ono, amake Mwayi. Lamulungu likadutsa ndikutsegulirani ndekha."

"Thupi langa ndikulimva. Kudimba kuja kundimaliza."

"Ndinaika m'manda mmodzi. Sindifuna kufukulanso wina m'njerwa ndi manja angawa."

Apo Sesiliya ananena mawu amene anawasunga zaka zonse zija, ndipo anawanena mofatsa, osakweza liwu.

"Mwayi sanaphedwe ndi dzuwa, atate ake. Linali khoma losalimba. Ndinadziwa tsiku lomwelo, ndipo sindinakuimbeni mlandu, ngakhale mumtima. Munali mnyamata, munkafuna kutimangira pogona mvula isanagwe. Zinatha zimenezo. Iyi yamangidwa bwino. Tiyeni tikagone m'nyumba."

Mawu oterowo akanamasula munthu wina. Andireya anawamva ngati wamuponda pachilonda. Anadzuka, anatola kheni, n'kutsika kudimba kukathirira kabichi amene anali atathirira kale. Anathirira mpaka mabedi kusefukira, akulira yekha, akudziuza kuti mkazi wakeyo akulankhula za malungo. Kiyi anakhalabe m'thumba.

Kutacha Sesiliya sanathe kudzuka. Thupi linali moto, mpweya ukutuluka mwa apo ndi apo. Anamukweza panjinga yamoto, Andireya atamugwirira kumbuyo, mpaka kukiliniki. Kumeneko anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Chipata. Adokotala anati ndi chibayo, chagwira mapapo onse awiri, ndipo anafunsa kuti mayiyu amagona malo otani. Andireya anayang'ana pansi. Rosina, amene anali atathamangira komweko, ndiye anayankha, ndipo kuyambira pamenepo sanalankhulenso ndi atate ake.

Sesiliya anamwalira Lachinayi masana, pabedi la pafupi ndi khoma, m'nyumba yaikulu ya njerwa imene sinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Mtembo unafika kumudzi Lachisanu dzuwa likupendeka. Anthu anali atadzaza bwalo, amuna akukoka zipika za moto wa pamaliro, amayi atakhala pansi pafumbi chifukwa nyumba ya siwa inali yokhoma. Mwambo ndi wodziwika: maliro amagona m'nyumba mwa mwini wake, amayi atawazungulira. Adzukulu anatsitsa bokosi m'galimoto, anayenda nalo mpaka pakhonde, n'kuima. Mkulu wawo anali Ezekiel, bambo wa pakamwa posatopa, ndipo adzukulu pamaliro saletsedwa kunena chilichonse. Anagwedeza loko uja, n'kutembenukira kwa wamasiye.

"A Chivomezi," anafuula kuti onse amve, "tafika nawo eni nyumba. Kodi nyenyezi zalola kuti alowe, kapena tikawagoneke kudimba?"

Nthabwala za adzukulu zimaseketsa ngakhale ofedwa. Iyi palibe anaiseka. Ezekiel mwiniwake anazindikira kuti mpeni walowa kwambiri, n'kuvula chipewa.

Andireya anayenda kuchoka pagulu la amuna. Linali Lachisanu, Lamulungu linali lisanafike, ndipo mwa kuwerengera kwake masiku amenewa ndiwo anali oopsa kuposa onse. Anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo. Anaona bokosi lili m'manja mwa anthu, likudikira pakhomo. Anapisa m'thumba. Kiyi anakana kulowa, mpaka Ezekiel anamugwira dzanja n'kumuthandiza kupotokola.

M'katimo munali fungo la simenti ndi laimu. Anagoneka bokosi pakati pa chipinda chochezera, amayi n'kukhamukira mkati, kudzaza zipinda zonse zitatu mpaka m'khonde. Malo a amuna ndi panja, koma Andireya analowa, ndipo palibe anamuletsa. Anakhala pansi kumutu kwa bokosi, msana atatsamira khoma. Aka kanali koyamba kutsamira khoma chimwalirireni Mwayi.

Amayi a mphakati anayamba nyimbo. Iye sanaimbe. Anayala zikhatho zonse ziwiri pasimenti, akumvetsera pansi. Mtima unali utasweka, ndipo m'kusweka momwemo anadzipeza akupemphera pemphero loipa. Ambuye, igwedezeni nthakayi. Pang'ono pokha, galasi lingolira pawindo. Ikanangonjenjemera kamodzi, akanaweramira pabokosi n'kunena kuti mwaona, amake Mwayi, sindinakuzunzeni pachabe.

Anakweza maso. Patsidya pa bokosi panali Rosina, mwana wakhanda ali pamwendo, mutu atautsamiritsa kukhoma linalo. Kumbuyo kwake kunali amayi ena ambirimbiri othinana, onse pansi pa denga limodzi. Andireya anazindikira chimene ankapempha, ndipo anachita manyazi mpaka m'mafupa. Komabe manja sanawachotse pasimenti.

Nyimbo inatha, ina inayamba. Dzuwa linalowa pawindo la kumadzulo, linayenda pang'onopang'ono pachivundikiro cha bokosi, kenaka linachoka. Pansi pa zikhatho zake simenti inangokhala zii.